Kuchokera pa Deep Blue mpaka pa foni ya m'thumba: momwe munthu analekera kulimbana ndi makina pa tchesi

Lamlungu masana, anthu akabwerako ku tchalitchi, ena atayanika zovala za sabata yonse, kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville kumasonkhana kagulu ka Amalawi. Poyamba pankaseweredwa bawo lokha, pa thabwa limene munthu wina anakwera nalo basi kuchokera ku Mangochi. Tchesi inabwera pambuyo ndi madala ena ometa tsitsi, amene anaiphunzira poonerera akamuna osewera ku Joubert Park atangofika kumene kuno ku Joni, ntchito isanapezeke, tsiku likutalika ngati chaka.

Sabata zingapo zapitazo madalawo anakwapula mnyamata wina woyenda pa njinga yamoto yoperekera zakudya. Anamuponyera hatchi dala, mnyamata n'kuidya akumwetulira, ndipo posakhalitsa mfumu yake inasowa kolowera. Tonse tinaomba m'manja. Koma mnyamatayo anapisa m'thumba, kutulutsa foni, kulowetsamo gemu yonse, n'kunena kuti, "Pepani madala, hatchi ija munangotaya. Foni ikuti ndikanakankha msilikali uyu, inuyo munali mutapita."

"Chotsa zimenezo iwe mphwanga," anatero madala aja. "Makina amenewa ndi akuba. Ngakhale Kasparov anachita kumubera ku America."

Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo ali ndi kumene anachokera. Komabe nkhani ya munthu ndi kompyuta pa tchesi sinayambe ndi Garry Kasparov, amene anali katswiri wa tchesi wa dziko lonse, sinatherenso pa iye. Ine ndimaona kuti 1997, chaka chimene aliyense amakumbukira chifukwa makina otchedwa Deep Blue anagonjetsa Kasparov, si chimene munthu anagonjadi. Kugonja kwenikweni kunabwera mwakachetechete patadutsa zaka zina 8 kapena 9, atolankhani ambiri atatembenukira kale kwina.

Wokayikira makina osewera tchesi sitingamuseke, chifukwa oyamba enieni anali bodza. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna, pamaso pa Mfumukazi Maria Theresa, chidole chachikulu chovala mkanjo ndi nduwira, chitakhala kuseri kwa bokosi lodzaza mawilo ndi zitsulo. Chinkasuntha zidole za tchesi ndi dzanja lake, n'kumagonjetsa anthu. Chinayenda ku Ulaya mpaka ku America, ngakhale Napoleon anasewera nacho. Chinsinsi chake n'chakuti m'bokosimo munkabisala katswiri wa tchesi. Chinapsa ndi moto ku Philadelphia mu 1854.

Makompyuta enieni atabwera, panalibenso wobisala, koma kasewero kake kanali kachilendo. Wodziwa bawo samvutika kumva. Usanatole timiyala m'dzenje, umawerenga ndi maso kuti dzanja likathera pati, ndipo mnzako akabwezera adzadya pati. Kompyuta imachita zomwezo, kungoti imapitirira muyeso. Vuto ndi kuchuluka kwa njira. Pachiyambi wa zidole zoyera ali ndi njira 20 zosunthira, wa zakuda 20, ndiye kuti aliyense akangosuntha kamodzi pali kale maimidwe 400. Akasuntha kawirikawiri, njira zimene gemu ingadutse zafika 197,281. Pakatikati pa gemu wosewera amakhala ndi njira pafupifupi 35 nthawi iliyonse, kotero kuti kuona patsogolo masitepe atatu okha mbali iliyonse kumafuna kuwerenga njira zoyandikira 2 biliyoni. Mu 1950 Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America, anayerekeza kuti magemu onse otheka pa tchesi ndi nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 120. Palibe makina angawerenge zonsezo, lero kapena mawa.

Ndiye opanga mapulogalamu anachita zimene amachita achimwene athu ogwira ntchito m'minda ya maluwa ku Sandton: kudulira. Nthambi ikangooneka kuti ikupita kotayitsa, pulogalamu imaidula osaitsatanso, mphamvu zonse n'kupita ku nthambi zotsala. Pamene kuwerengako kwathera, imaika zonse pa sikelo: msilikali ndi 1, hatchi kapena bishopu ndi 3, nsanja ndi 5, mfumukazi ndi 9, kuwonjezapo zina monga ngati mfumu yabisala bwino ndi ngati zidole zili ndi mpata woyenda. Masitepe oyambirira sichita kuwaganiza ayi, imangowatenga m'nkhokwe ya magemu a akatswiri akale.

Munthu sasewera choncho. Adriaan de Groot wa ku Netherlands, amene anafufuza maganizo a osewera m'zaka za m'ma 1940, anapeza kuti ma grandmaster, amene ndi akatswiri a udindo wapamwamba pa tchesi, sawerenga njira zochuluka kwambiri kuposa osewera abwino wamba. Chimene amaposera ndi diso. Ali ngati mayi wozolowera kugula chambo pa msika: sagwira nsomba iliyonse, diso limangogwera pa ziwiri zitatu zabwino, n'kuyamba kusankha pamenepo. Makompyuta akale analibe diso limeneli. Anali ngati munthu woyenda usiku ndi tochi, amene amaona kanyerere kalikonse pamene kuwala kwafika, koma dzenje lili patsogolo pang'ono saliona. Analinso adyera. Ukawaponyera msilikali ankadya, osadziwa kuti adzalipira patapita masitepe 20. Akatswiri anatulukira mankhwala ake: kutseka bolodi ndi asilikali, kupewa kumenyana kwa pafupi, n'kumaifinya kompyutayo pang'onopang'ono.

N'chifukwa chake David Levy, wosewera wa ku Scotland, analimba mtima mu 1968 kubetcha kuti palibe kompyuta ingamugonjetse m'zaka 10. Mu 1978 ku Toronto anagonjetsa pulogalamu ya Chess 4.7 n'kutenga ndalama zake. Zinthu zinasintha pamene ophunzira a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, mmodzi mwa iwo Feng-hsiung Hsu, anapanga makina otchedwa Deep Thought, okhala ndi tizipangizo topangidwira tchesi yokha. Mu 1988 makinawo anagonjetsa Bent Larsen, grandmaster wa ku Denmark, pa mpikisano weniweni. Chaka chotsatira Kasparov anawathambitsa magemu awiri onse ku New York. Kampani ya IBM inalemba ntchito anyamatawo, ndipo m'manja mwawo munatuluka Deep Blue.

Pa tchesi wopambana gemu amatenga pointi imodzi, akalepherana amagawana theka theka. Mu February 1996 ku Philadelphia, Kasparov anagonja gemu yoyamba kwa Deep Blue, koyamba kuti katswiri wa dziko lonse agwe kwa kompyuta pa gemu ya nthawi yaitali. Koma anadzambatuka, kupambana atatu, kulepherana awiri, mpikisano n'kutha 4–2 iye ali pamwamba.

Tsopano tifike pa zimene madala aja amanena. Mu May 1997 anakumananso ku New York, magemu 6. Deep Blue inali itawonjezeredwa mphamvu, ikuwerenga maimidwe pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Kasparov, wa zaka 34, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1985, anapambana gemu yoyamba. Gemu yachiwiri ndi imene inamusokoneza mutu. Anasiya nyambo, akuyembekeza kuti makinawo atumiza mfumukazi kukadya asilikali monga mwa dyera la makompyuta, iye apeze mpata wobwezera. Makinawo sanadye. Anangoika bishopu pakati pa bolodi modekha, kutseka njira imene Kasparov ankadalira, monga akanachitira katswiri wokhwima. Kasparov anagonja, ndipo m'mawa mwake omuthandiza anamuuza kuti pamene anaimika manja paja panali njira yoti akanalepherana nawo, pomangovutitsa mfumu ya mdani mosalekeza. Taganizani munthu wonyada ngati ameneyo kumva zimenezo.

Kuchokera pamenepo sanalinso yemwe uja. Anayamba kunena poyera kuti mwina pali dzanja la munthu kuseri, n'kupempha kuti aone zolemba za momwe makinawo anaganizira, koma IBM inakana panthawiyo. Magemu atatu otsatira analepherana. Pa 11 May, gemu yomaliza, Kasparov anasankha njira yoyambira yotchedwa Caro-Kann, imene sankaigwiritsa ntchito kawirikawiri, n'kulola makinawo kupereka hatchi pa malo odziwika kale m'mabuku kuti ndi oopsa. Deep Blue inaipereka mosazengereza. Patangotha masitepe 19 Kasparov anaimirira. Zotsatira: 3½–2½. Mbali ya IBM inatenga madola 700,000, iye 400,000, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kugonja pa mpikisano wa awiriawiri.

Kodi anamubera? Umboni sunapezeke, IBM inadzatulutsa zolemba zija pa intaneti, ndipo patapita zaka 20 Kasparov mwini wake ananena kuti sakukhulupiriranso zoti panali kubera. Koma madala aja sakulakwa kotheratu, chifukwa bwalo silinali lofanana. A IBM anali ndi magemu onse a Kasparov, pamene iye analibe gemu ngakhale imodzi ya Deep Blue yatsopanoyo yoti aphunzire. Malamulo ankawalola kukonza pulogalamu pakati pa magemu, ndipo anali ndi ma grandmaster monga Joel Benjamin owathandiza kuphunzitsa makinawo. Kasparov atapempha kuti abwereze, kampaniyo inakana n'kuphwasula makinawo. Zigawo zake zili m'nyumba zosungira zinthu zakale ku America. Kwathu wodya mnzake pa bawo n'kunyamula thabwa kuthawa nalo timamudziwa dzina lake.

Ukaunika magemu amenewo bwinobwino, chimene chinagwetsa Kasparov si 200 miliyoni ija yokha. Anagwa ndi mantha, kukayika ndi kutopa. Iye anazolowera kuwerenga nkhope ya mdani, kumuopseza ndi maso, kumuona akutuluka thukuta. Apa kutsidya kwa tebulo kunali munthu wongosuntha zidole m'malo mwa makina, osapsa mtima, osanjenjemera.

Umboni woti anthu anali asanathe ndi zimene zinatsatira. Mu October 2002 ku Bahrain, Vladimir Kramnik, amene analanda ukatswiri kwa Kasparov mu 2000, anasewera magemu 8 ndi pulogalamu ya Deep Fritz. Anatsogola 3–1 posewera modekha, kusinthanitsa afumukazi msanga kuti makinawo asowe pomenyera. Kenako analakwitsa pa gemu yachisanu, pa yachisanu ndi chimodzi n'kuyesa kumenyana nawo pa kuwerenga, kumene kuli kwawo kwa makina, ndipo zinathera 4–4. Mu 2003 Kasparov analepherana ndi mapulogalamu ena awiri, Deep Junior 3–3, ndi X3D Fritz 2–2, konseko ku New York.

Chigumula chinafika mu 2005. Mu June, ku London, Michael Adams wa ku England, mmodzi wa osewera 10 apamwamba pa dziko nthawi imeneyo, anasewera magemu 6 ndi makina otchedwa Hydra. Anapeza theka la pointi basi. Mu November chaka chomwecho ku Bilbao, grandmaster Ruslan Ponomariov anagonjetsa pulogalamu ya Fritz, ndipo gemu imeneyo ndi imene ambiri amaitchula ngati yomaliza imene munthu anapambana pulogalamu yapamwamba pa malamulo ofanana. Kenako kumapeto kwa 2006, ku Bonn, Kramnik anakumananso ndi Deep Fritz. Pa gemu yachiwiri zinthu zili bwinobwino, katswiri wa dziko lonse anasuntha mfumukazi yake osaona kuti mfumu yake iphedwa pa sitepe imodzi yokha, chinthu chimene mwana wa sukulu akanaona. Anagonja 4–2 osapambana gemu ngakhale imodzi. Pulogalamu imeneyo inkagulitsidwa m'masitolo, ndipo inkawerenga maimidwe ochepa kwambiri poyerekeza ndi Deep Blue. Inali itangophunzira kudulira mwanzeru ndi kupima bwino. Kuyambira pamenepo palibenso katswiri wa dziko lonse amene anavomera mpikisano wotere, ndipo palibenso amene akufuna kuulipirira.

Foni inalowa mu 2009, pamene pulogalamu ya Pocket Fritz 4, ikuyenda pa foni ya m'manja, inapambana mpikisano wa Copa Mercosur ku Buenos Aires ndi mapointi 9½ pa 10, ma grandmaster ali momwemo. Foni imeneyo inali yofooka kuposa imene mnyamata wa njinga uja amalandirira maoda.

Osewera tchesi amapimidwa ndi manambala otchedwa Elo. Kasparov anafika 2851, Magnus Carlsen wa ku Norway anafika 2882 mu 2014, ndipo palibe munthu wadutsa pamenepo. Mapulogalamu amphamvu a lero amaikidwa kupitirira 3500, ngakhale manambala awowo amachokera pa kusewera okhaokha. Kusiyana kwa 400 kokha kumatanthauza kuti wamphamvuyo amatenga mapointi 9 pa 10 aliwonse. Choncho masiku ano munthu akafuna kusewera ndi makina amachita kupatsidwa banyira. Mu 2016 Hikaru Nakamura wa ku America anasewera magemu anayi ndi pulogalamu ya Komodo, makinawo akuyamba opanda msilikali mmodzi, pena atapereka nsanja posinthana ndi hatchi, pena atamulola kusuntha kangapo iwo asanayambe. Nakamura analepherana nawo atatu, kugonja imodzi.

Chimene chinadabwitsa ngakhale akatswiri chinabwera mu December 2017 kuchokera ku kampani ya DeepMind ya ku London. Pulogalamu yawo ya AlphaZero sanaipatse nkhokwe ya magemu a anthu, sanaiuze kuti mfumukazi ndi 9. Anangoiuza malamulo, n'kuisiya isewere yokha magemu mamiliyoni, ikuphunzira pa kugwa kwake. Itakumana ndi Stockfish, pulogalamu yamphamvu ya nthawiyo, pa magemu 100 inapambana 28, kulepherana 72, osagonja. A mbali ya Stockfish anadandaula kuti malamulo a mpikisanowo sanawakomere, ndipo anali ndi mfundo. Koma chimene chinagwira anthu mtima ndi kasewero kake. Inkawerenga maimidwe pafupifupi 80,000 pa sekondi pamene inzakeyo inkawerenga 70 miliyoni, ndipo inkapereka zidole mopanda mantha pofuna kuti za mdani zisowe poponda. Diso lija la mayi wogula chambo, limene tinkati ndi la munthu yekha, makina anali atalipeza. Mu 2020 Stockfish nayo inatengera njira yophunzira yotereyi, ndipo ma grandmaster anayamba kutsanzira zina, monga kukankha msilikali wa m'mphepete mwa bolodi molawirira, zimene aphunzitsi akale akanakukalipira nazo.

A bawo asaseke msanga. Awari, wachibale wa bawo wa kumadzulo kwa Africa, anawerengedwa yense ndi makompyuta ku Amsterdam mu 2002, n'kupezeka kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa amalepherana. Drafuti ya pa bolodi laling'ono inathanso chimodzimodzi ku Canada mu 2007. Tchesi sinafike pamenepo, koma kumapeto kwake kunawerengedwa kale: pa bolodi pakatsala zidole 7 kapena kucheperapo, yankho lenileni lilipo m'nkhokwe, ndipo muli maimidwe ena amene kupha mfumu kumatenga masitepe oposa 500, oti ngakhale grandmaster akamaonerera samva mutu wake.

Kwa ife a kuno kumwera kwa Africa, zimenezi zabwera ndi zabwino zake. Amon Simutowe wa ku Zambia anakhala grandmaster woyamba wa kumwera kwa Sahara mu 2009, ndipo Kenny Solomon wa ku Mitchells Plain ku Cape Town anakhala woyamba wa South Africa atapambana mpikisano wa Africa ku Windhoek mu 2014. Iwo anakula nthawi imene buku labwino la tchesi linali losowa ndipo mphunzitsi wodziwa anali kutsidya kwa nyanja. Lero mwana wa ku Diepsloot kapena ku Chibavi ali ndi Stockfish yaulere, yamphamvu kuposa gulu lonse limene linkathandiza Kasparov. Kungoti foni sikulipirira ndege. Kuti munthu akhale grandmaster ayenera kusewera ndi ma grandmaster a maiko osiyanasiyana pa mipikisano yovomerezeka ndi FIDE, bungwe loyendetsa tchesi pa dziko lonse, ndipo yambiri ili ku Ulaya. Pamenepo mpata udakali waukulu monga kale.

Zoipa zake nazo n'zodziwika. Mu 2015 pa mpikisano wa ku Dubai, Gaioz Nigalidze wa ku Georgia anagwidwa atabisa foni m'chimbudzi, ndipo mu 2019 ku Strasbourg Igors Rausis anajambulidwa ali pa foni m'chimbudzinso gemu ili mkati. Onse awiri analandidwa udindo wa grandmaster. N'chifukwa chake pa mipikisano ikuluikulu osewera amawasecha ndi zida zofufuzira zitsulo, ndipo magemu ena amawaulutsa mochedwerako dala kuti wakunja asathe kutumiza yankho. Ku Vienna kunali munthu m'bokosi la makina. Pano oyang'anira akufunafuna makina m'thumba la munthu.

Za hatchi ya madala aja, foni inanena zoona. Tinayala zidole monga zinalili, n'kuona kuti msilikali uja akanakankhidwa, madala akanakhala pa moto. Koma kuseri kwa sitepe imeneyo kunali ena angapo otsatizana, lililonse lofuna kuti mfumu iyende poyera pakati pa adani popanda kuphonya ngakhale kamodzi. Foni inangoonetsa nambala ndi mzere wa zilembo, osanena chifukwa chake.

Lamlungu lotsatira madala anamuuza kuti, "Bwera mphwanga, tiyambire pomwe paja. Kankha msilikali wakoyo." Mnyamata anakankha, sitepe yachiwiri anaikumbukira, yachitatu anakanda m'mutu nthawi yaitali, n'kuthawitsira mfumu kumene aliyense wa ife akanathawira. Inafera komweko. Pano gemu ikamayamba mafoni onse amalowa m'chipewa cha madala, kupatula ya mnyamatayo, imene amaiika chafufumimba pa njerwa kuti amve oda ikalira.